Batire la a Benedicto

Magetsi atafika pamsika wa Mbulumbuzi anathera pomwepo. Mawaya anadutsa pamwamba pa chigayo, n'kulowa kuchipatala ndi m'masitolo angapo, koma m'midzi sanaponde. Choncho munthu wofuna kumvera wailesi tsiku ndi tsiku ankagula ku Limbe batire la galimoto lotopa kale, n'kulilumikiza ku wailesi yake. Likatha moto ankalimanga ndi malegeni pa kaliyala wa njinga n'kupita nalo kwa Chester kukatchajitsa.

Chester anali ndi kachipinda kamodzi pakati pa telala ndi chigayo. M'menemo munali benchi, mabotolo a madzi a batire, ndi makina otchajira amene anagula mu 1996 atachotsedwa ntchito kufakitale ina ku Blantyre. Kwa zaka zinayi anali yekhayekha pantchitoyi, ndipo tisamunamizire, ankaigwira bwino. Lamulungu ankavala jekete n'kumalandira anthu pakhomo la tchalitchi cha Baptist, ndiye ngakhale pamsika onse ankamuitana kuti a dikoni. Dzinali ankalikonda kuposa ndiwo za nyama.

Zinthu zinasokonekera mu Ogasiti wa chaka cha 2000, pamene Elestina, mayi wamasiye amene mwamuna wake ankayendetsa minibasi, anatsegula malo ake otchajira. Akanatsegula kuseri kwa msika, mwina mtima wa Chester ukanapirira. Koma mayiyu anatsegula tsidya lina la msewu wa tala, moyang'anana ndi benchi la Chester, ndi makina atsopano obiriwira amene ankadzaza batire tsiku limodzi, pamene akale aja ankafuna masiku awiri. Nthawi imeneyo aliyense ankati kunabwera ufulu, wofuna geni achite geni. Chester nayenso ankanena zomwezo, poti anali asanauone ufuluwo utakhala pampando n'kumamuyang'ana. M'sabata ziwiri zokha, njinga zimene ankazidziwa ndi kulira kwa tcheni komwe zinayamba kuimikidwa kwa Elestina.

Ndi pamene anatenga kachitini ka penti wofiira wotsala pa zitseko za tchalitchi, n'kuyamba kuika kadontho pa batire lililonse lobwera kwa iye. Munthu akafunsa kuti n'chiyani, Chester ankatsitsa mawu ngati akumutsina khutu.

"Achimwene, batire lili ngati mwana wakhanda. Likazolowera bere limodzi, mukalisinthira lina limatsegula m'mimba. Lanuli lazolowera makina anga. Aja a tsidyawo ndi aukali, amadzaza msanga chifukwa amawotcha mapuleti m'katimu. Mwezi umodzi basi, batire latha. Kadonthoka n'koti ndizidziwa ana anga. Koma likangowoloka msewu, pepani, ine sindililandiranso, mawa mungadzati ndalipha ndine."

Linali bodza lamkunkhuniza, ndipo Chester ankadziwa bwino lomwe. Tsiku loyamba kulinena anachita manyazi moti anthu atachoka anatseka chitseko n'kukhala m'kati kwa kanthawi. Tsiku lachiwiri manyazi anachepako. Pofika Okutobala bodza lija linkangotuluka lokha pamodzi ndi moni, ndipo linali litamera miyendo. Anthu ankalikamba okha m'minibasi, ena mpaka kulumbira kuti anaona ndi maso awo batire likufuka utsi kwa Elestina. Poti mabatire onsewo anali nkhalamba kale, linkati likafa lina ndi ukalamba wake, anthu ankangofunsa kuti kodi silinawolokepo msewu limeneli? Njinga zinabwerera kwa Chester, ndipo iye ankadziuza kuti sanabe cha munthu, wangoteteza chake.

Mwa onse amene anameza bodzali, palibe analimeza ndi mtima woyera ngati a Benedicto. Iwo anali bambo wachikulire wa m'mudzi wina cha ku Magomero, mlimi wa chimanga ndi nandolo, ulendo wa maola awiri wapansi kuchokera pamsika. Anali kasitomala woyamba weniweni wa Chester, ndipo ankanyadira zimenezi ngati udindo. Wailesi yawo anaikonza ndi Chester yemweyo. Malo a mabatire a tochi atachita dzimbiri, iye anazula zonse n'kulumikiza mawaya awiri opita ku batire la galimoto, kotero kuti popanda batirelo wailesi ija inali bokosi chabe. Akamva munthu akuyamikira makina a Elestina, a Benedicto ankapukusa mutu n'kunena kuti, "Mverani a dikoni, munthu wa Mulungu sanganame pa nkhani ya batire." Chester akamva mawu amenewa ankapeza chopukuta kuseri kwa makina.

Lamulungu loyamba la Disembala kunagwa mvula yamphezi, ndipo Lolemba m'mawa Chester anapeza makina ake akununkha chikanga. Anawanyamula kupita nawo kwa wokonza ku Limbe, amene anawatembenuza uku ndi uku n'kunena kuti chitsulo chimene chapsa n'chosowa, sakudziwa kuti chipezeka liti.

Lachiwiri a Benedicto anatulukira, matope mpaka m'mawondo, akukankha njinga poti njira inali yoterera. Pakhonde panali telala ndi anthu ena awiri obisala mvula.

"Mwadzuka bwanji, a dikoni?"

"Tadzuka, kaya inu bambo? Koma odwala ndi makinawa. Mphezi ya dzana ija."

"Pepani, pepani. Achira liti?"

"Akuti sabata yamawa," anatero Chester, ngakhale palibe anamuuza choncho.

A Benedicto anakhala pabenchi n'kuyamba kuchotsa matope kuphazi ndi kamtengo. Patapita nthawi anati, "Vuto ndi loti kunyumba tikudikira uthenga. Mwana wanga Easter, uja anakwatiwa ku Dwangwa kunzimbe, sakupeza bwino. Mkamwini analemba kalata kuti zikavuta adzalengezetsa pa wailesi, poti kalata imachedwa panjira. Ndiye masiku ano nthawi ya mauthenga sitiphonya, ine ndi amayi ake."

"M'mudzi mwanu mulibe wailesi ina?"

"Zilipo ziwiri, koma zili zii. Dzinja lino ndani angagule mabatire a tochi ana akufuna ufa? Onse amadzamvera kwathu."

Atanena izi anakweza maso n'kuyang'ana tsidya lina la msewu. Elestina anali atakhala pakhomo pake akuluka chipewa cha mwana, makina ake akung'ung'udza ndi batire limodzi lokha. A Benedicto anayang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa motsitsa, ngati munthu wopempha chinthu chochititsa manyazi.

"Nanga kamodzi kokha, a dikoni? Kamodzi kokha lingafe?"

Apa ndi pamene Chester akanatha kukhala munthu. Mawu oti pitani, palibe chingachitike, anafika mpaka pammero. Koma telala anali ataimitsa makina ake osokera, ndipo anthu awiri aja anatchera khutu. Akangoti kamodzi palibe vuto, pofika madzulo msika wonse ukanadziwa kuti kawirinso palibe vuto, ndipo iye makina ake ali ku Limbe, osadziwika tsiku lobwera.

"Batire ndi lanu, bambo, ine sindingakuletseni," anatero. "Koma chiphe sachita kumwa kawiri. Lisiyeni pano, makina akangofika lidzakhala loyamba. Ndipo musadandaule, ku Dwangwa kuli madokotala, achira amenewo."

A Benedicto anamasula malegeni okha, n'kukankhira batire pansi pa benchi. Pochoka anamugwira Chester dzanja ndi manja awiri. "Mwandithandiza. Ndikanapha batire langa ndi manja angawa." Tsiku lonselo Chester sanathe kuyang'ana pansi pa benchi. Koma manyazi osasintha munthu amangokhala ngati thukuta, amauma okha. A Benedicto anabweranso Lachiwiri lotsatira, n'kubweranso linalo, ndipo ulendo uliwonse ankabwerera ndi kaliyala wopanda kanthu. Kenako anasiya kubwera.

Khirisimasi itayandikira panabuka vuto lina. Tchalitchi cha Chester chinalibe magetsi, ndipo zokuzira mawu za kwaya zinkayendera batire, limene wolisamala anali dikoni yemweyo. Abusa anamukumbutsa kawiri konse kuti tsikulo kudzabwera alendo. Lachisanu masana Chester anatenga kansanza ndi parafini n'kupukuta kadontho kofiira pa batire la tchalitchi. Analiika m'dengu, n'kufunditsa masamba a nandolo pamwamba, n'kuuza mkazi wake Thandie kuti azungulire kuseri kwa msika, akalowere khomo lakumbuyo kwa Elestina, akanene kuti ndi la achimwene ake a ku Namadzi.

Thandie anapita, poti anali mkazi wosakonda mikangano. Loweruka anakalitenga litadzaza, n'kulitula pakhomo osamuyang'ana mwamuna wake.

"Anati bwanji?" anafunsa Chester.

"Anati ndikuuzeni kuti penti simunafufute bwino, watsalira m'mphepete. Kenako anandipatsa mpando ndi madzi akumwa." Thandie anakutumula nkhata yake n'kuwonjezera kuti, "Bambo a Tadala, ine musadzanditumenso zoterezi. Ndinasowa poika nkhope."

Pa Khirisimasi kwaya inaimba mpaka anthu a kumsewu anamva, ndipo abusa anayamikira a dikoni pagulu. Batire silinapse. Chester anakhala kutsogolo ndi jekete yake, akuwomba m'manja.

Makina anabwera Chaka Chatsopano chitadutsa. Munthu wanzeru akanangoyamba ntchito mwakachetechete, koma Chester anaona kuti lamulo lake likafooka ndiye kuti zonse zagwa. Anthu anayi amene anatopa kudikira n'kuwoloka msewu anawabweza pakhomo ndi mabatire awo, anthu akuona. Izi ndi zimene zinamutopetsa Elestina. Anapita kwa a Sabiti, wogulitsa nyama ya mbuzi amene anali wapampando wa komiti ya msika, n'kukadandaula kuti akumuipitsira dzina ndi kuopseza anthu. A Sabiti anaitanitsa kalaliki wa khonsolo kuchokera ku Boma, ndipo nkhani anaiika Lachinayi lomaliza la Januwale, m'shedi ya msika.

Chester anafuna mboni yoti anthu akaimva asakayike, ndipo sanaganize nthawi yaitali. Anatuma uthenga kudzera kwa munthu wina wa njinga kuti a Benedicto abwere Lachinayi, batire lawo ladzaza kale, komanso a dikoni akuwafuna pa kankhani kena. Kuti mwezi wathunthu bamboyu sanaoneke, Chester anangoti ndi ntchito ya kubandira.

Tsikulo shedi inadzaza. Azimayi a tomato anafunditsa malonda awo, wachigayo anazimitsa injini, ndipo Thandie anakhala kumbuyo kwenikweni pakati pa azimayi ena. A Benedicto anafika nkhani itayamba kale, atavala chipewa chawo cha mlaza, n'kukhala kumapeto kwa benchi. Chester anawakodola ndi mutu, mtima wake n'kukhala pansi.

Elestina analankhula mwachidule. Anati makina ake anagula musitolo, pepala lake lilipo, ndipo palibe batire linapsapo m'manja mwake. Anati iye sakupempha makasitomala a munthu, akungopempha kuti wofuna kubwera kwake abwere masana, osati mozemba ngati akupita kwa sing'anga. Za dengu lija sananene kanthu, ndipo Chester, amene anali atakonzekera kukana, anasowa chokana.

A Sabiti anakonza kofia wawo n'kuyamba. "Pamsika pano aliyense amaitanira malonda ake, sitiletsa. Ine ndimati nyama yanga ndi yonona, ndipo ndimawonjezera kachidutswa kuti munthu adzabwerenso. Koma sindinanenepo kuti ya mnzanga ndi ya galu. Ndiye nkhani apa ndi imodzi. Ngati makina a mayiwa akuwotchadi katundu wa anthu, akalalikiwa akuti malowo atsekedwa lero lomwe. Ngati sakuwotcha, a dikoni atiuze kumene anazitenga."

Chester anaimirira n'kubwereza zonse za bere ndi mapuleti, ndipo anthu ambiri ankavomera ndi mitu. Kenako anati ali ndi mboni, munthu wamkulu amene aliyense amamudziwa kuti sanama.

A Benedicto anadzuka pang'onopang'ono n'kuvula chipewa. Mutu wawo unali wometedwa mpala, tsitsi litangoyamba kumera, kumeta kuja kwa pamaliro. Chester ataona, anakumbukira za mwana wodwala wa ku Dwangwa uja.

"Ine ndabwera kudzaikira umboni a dikoni," anayamba a Benedicto. "Ndawadziwa zaka zinayi, ndipo sanandinamizepo. Mu Disembala makina awo atafa, ine ndinafuna kuwoloka msewu, chifukwa ndinkadikira uthenga wa mwana wanga amene ankadwala ku Dwangwa. Iwo akanatha kungonditaya, poti panalibe chimene akanapindula tsiku limenelo. Koma anandichenjeza ngati m'bale wawo, ndipo ndinamvera."

Anatembenuza chipewa m'manja.

"Loweruka loti Khirisimasi ndi mkuja, kunyumba kunabwera a Francisko a kutsidya kwa mtsinje. Anakhala pansi n'kuti, pepani ndi zovutazi, mwabwerako liti ku Dwangwa? Ine ndinati, zovuta zanji? Iwo anali atamva pa wailesi Lachitatu, masana ndi madzulo, kuti Easter watisiya, abale a ku Magomero abwere msanga. Sanathamange kudzatiuza chifukwa ankayesa kuti tamva kale, poti aliyense amadziwa kuti wailesi ya kwa Benedicto sizima. Amayi ake anamvera pomwepo, ali ndi lichero m'manja. Mkamwini anatidikira masiku awiri, kenako anaika. Ife tinakangoona manda, mvula itawasalaza kale."

 Mayi wina anayamba kulira chamumtima.

"Koma sindikudandaula munthu," anapitiriza a Benedicto. "Ndikanawoloka msewu, batire likanapsa, uthenga sindikanaumvabe. Ndi zimene ndinawauza amayi ake a Easter, chifukwa ankandinena kuti bwanji sunapite kwa mayi uja. Ndinawauza kuti panalibe chochita, chinali chifuniro cha Mulungu, ndipo tsopano mtima wawo wayamba kukhala pansi. Ndiye akuluakulu, ngati ine ndinapirira zotere osapita tsidya ilo, dziwani kuti mawu a dikoni ndi oona. Ndatha."

Anakhala pansi. Anthu anayamba kung'ung'udza, ndipo maso ambiri anatembenukira kwa Elestina ngati kuti wolakwa ndi iye. Kalaliki anatsegula peni yake. Elestina sanayang'ane anthuwo, anangoyang'ana Chester, osapsa mtima. Kumbuyo kuja Thandie anali ataphimba nkhope ndi chitenje.

"A dikoni," anatero a Sabiti, "muli ndi mawu owonjezera?"

Mlandu anali atawina. Chimene chinatsala ndi kungoti ayi, ndilibe, ndipo tsidya lija likanatsekedwa dzuwa lisanapendeke. Chester anaimirira. Sanamvepo manyazi otere chibadwire, manyazi olemera moti ankalakalaka nthaka itang'ambika. Anayesa kuyang'ana a Sabiti, koma maso ake ankangobwerera pa mutu wometa uja.

"Ndinanama," anatero.

"Kwezani mawu, sitikumva."

"Ndinanama, akuluakulu. Makina a mayiwa alibe vuto. Batire silizolowera makina, magetsi ndi amodzi. Kadontho kaja ndi penti wa zitseko, palibe chimene kamachita. Ndinaopa kuti anthu andithawa." Anatembenukira kwa Elestina. "Pa Khirisimasi batire la tchalitchi chathu ndinakatchajitsa kwa mayi omwewa, mobisa. Akudziwa, angondisungira ulemu umene ndilibe."

Phokoso limene linabuka silisimbika. Ena anatukwana, ena anaseka kuseka kowawa, telala n'kumauza aliyense kuti iye ankakayikira kuyambira kale, ngakhale anali woyamba kufalitsa za utsi zija. A Sabiti anamenya benchi ndi chikhatho mpaka anthu anatonthola. Atanong'onezana ndi anzawo a komiti, anagamula kuti kuyambira tsikulo mwini batire apite nalo kumene wafuna, ndipo wotchaja asabweze batire chifukwa choti linapita kwa mnzake. Penti pa katundu wa munthu analetsa. Wonena kuti makina a mnzake ndi oipa azibwera nawo umboni kukomiti, osati kumanong'oneza pakhonde. Kalaliki analemba zonse kuti azikhome pachipata cha msika, ndipo a komiti analamula Chester kuti atseke sabata ziwiri, afufute yekha madontho onse, komanso apepese kwa Elestina pagulu.

Anapepesa atazyolika. Elestina anangoti, "Ndamva, a Chester," ndipo iye anazindikira kuti mayiyu sanati a dikoni.

Anthu anabalalika akukambirana, koma a Benedicto sanasunthe pabenchi. Chester anafuna kuthawira m'kachipinda kake n'kutseka chitseko, koma miyendo inamutengera kwa bamboyo. Anagwada pansi pa simenti, pakati pa makoko a chinangwa.

"Bambo, ndilibe mawu."

A Benedicto sanamuyang'ane. Ankayang'ana kunja, kumene minibasi ya ku Limbe inali itaima pamsewu ikutsitsa anthu.

"Ndiye Lachiwiri lija," anafunsa pang'onopang'ono, "ndikanangowoloka?"

"Eya, bambo."

"Tsiku lomwelo likanadzaza?"

"Likanadzaza."

"Ndipo ndinakuuzani za mwanayo. Kapena sindinakuuzeni? Mwina ndinaiwala kunena."

Ankamupatsa pothawira, ndipo zimenezi zinamuwawa Chester kuposa mbama. "Munandiuza, bambo. Ndinamva bwinobwino."

A Benedicto anagwedeza mutu kangapo ngati munthu amene akuwerenga mizere ya m'munda. Sanakalipe. Chester ankafunitsitsa atakalipa, atamulavulira, atamutchula mayina onse oipa pamaso pa anthu, koma bamboyo anangovala chipewa chake.

"Batire lanu ladzaza," anatero Chester. "Ndikumangireni panjinga."

"Lisiyeni. Kunyumba kulibe amene akufuna kumva wailesi." Anaimirira n'kugwira mzati wa shedi. "Chimene chikundivuta ndi amayi ake. Mwezi wonse ndakhala ndikuwatsutsa, ndikuwauza kuti panalibe chochita. Anthu a kwathu analipo pano, mawa nkhaniyi ifika pachitsime. Ine pakamwa panga sipangathe kuwauza. Tiyeni mukawauze nokha."

Chester sanatseke n'komwe chitseko cha kachipinda kake, anangopatsa Thandie makiyi. Ananyamuka dzuwa lili paliwombo, a Benedicto patsogolo akukankha njinga, iye pambuyo. Njira inadutsa m'minda ya chimanga chofika m'chiuno, ndipo anthu amene ankabandira, poti anali asanamve za kumsika, ankaweramuka n'kupereka moni mwaulemu. "Mwaswera bwanji, a dikoni? Lero mwatiyendera?" Moni uliwonse unkamulasa, koma ankayankha, chifukwa kusayankha kukanafuna kufotokoza. Maola awiri onsewo a Benedicto sanatembenuke ngakhale kamodzi. Chester anayesa kukonza mawu oti akanene, koma chiganizo chilichonse chinkathera panjira.

Anafika pa kanyumba ka njerwa zosawotcha, kofolera udzu, nkhuku zikupalasa pabwalo. Amayi ake a Easter anali pakhonde akusadzula masamba a nkhwani, nawonso mutu wometa, atamanga kansalu kakuda. Ataona mlendo wa jekete anadzuka msanga, n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mpando wokhawo umene unali ndi chotsamira. Anaupukuta ndi chitenje chawo, kenako anagwada chapatali n'kuwomba m'manja.

"Takulandirani, a dikoni. Mwayenda mtunda wonsewu chifukwa cha ife? Ambuye akudalitseni. Mwa anthu onse a ku Mbulumbuzi, ndinu oyamba kudzatipepesa."

Chester anaima pafupi ndi mpandowo, osatha kukhalapo. A Benedicto anatsamiritsa njinga kukhoma, n'kukhala pansi pamphasa, n'kuyang'ana mapazi awo.

"Khalani bwino, amayi," anatero kwa mkazi wawo. "Alendowa ali ndi mawu."